Liwu la "charge": likupezeka bwanji kukhoti, kubanki, kuchipatala ndi pafoni pomwe?

Funso: "Aphunzitsi, ine ndine mayi wa ana anayi ndipo ndinabwerera kusukulu yamadzulo kuti ndilembenso mayeso a Fomu 4. Ndinenso mlembi wa komiti ya makolo pasukulu ya pulaimale kwathu kuno. Mwezi watha tinalandira kalata ya m'Chingerezi yomwe inali ndi mawu akuti 'the committee is charged with supervising the construction of the new block'. Nditangoona 'charged' mtima unangoti myuu, chifukwa liwuli ndimalimva pawailesi munthu akamangidwa. Usiku umenewo sindinagone, ndinkaganiza kuti atitsegulira mlandu wa simenti. M'mawa ahedi anandiuza kuti kalatayo ikungotipatsa ntchito. Tsono ndithandizeni. Liwu limodzi lomweli likhala bwanji la kupolisi, la foni, la ndalama zimene amadula kubanki, komanso la anesi aakulu kuchipatala? Kodi ndi mawu osiyana ongofanana kalembedwe, kapena mutu wangawu ndiwo wakalamba?" Mayi wa ku Ntcheu.

Mayi, mtima m'malo. Ahedi anakuuzani zoona, palibe amene watsegulira komiti yanu mlandu. Kalatayo ikungonena kuti mwasenzetsedwa ntchito yoyang'anira kamangidwe ka buloko yatsopano. Ndipo mutu wanu sunakalambe ayi. Chiyambireni kuphunzitsa Chingerezi ndi kumasulira anthu makalata, liwu limeneli ndaliona likupunthwitsa ana a Fomu 4, makalaliki, ngakhale anthu oti ali ndi madigiri awo. Mwachita bwino kufunsa, chifukwa ambiri amangoloweza tanthauzo limodzi n'kumalikakamiza paliponse pamene liwulo laonekera.

Dziwaninso kuti si Chingerezi chokha chimene chimachita zimenezi. Taganizani mlendo amene akuphunzira Chichewa akakumana ndi mneni wa kumva. Timamva mwana akulira, timamva njala, timamva fungo la ndiwo zopserera, ena timamva Chisena, ndipo mwana wosamva si wogontha ayi. Ife sitidabwa nazo chifukwa tinayamwira momwemo. Liwu likamagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku kwa zaka mazanamazana, limabala matanthauzo ambiri. Dikishonale yaikulu ya Oxford English Dictionary, mmene inatulukira mu 1989, inali ndi matanthauzo oposa 400 a mneni wa "set". Pamene ankaikonzanso, mu 2011, mneni wa "run" unapezeka ndi matanthauzo 645. Palibe munthu amene amaloweza zonsezo. Chimene chimathandiza ndi kudziwa pamene liwu linayambira, chifukwa ukagwira pamenepo enawo amatsatira okha.

Tsono yankho la funso lanu ndi lakuti ndi liwu limodzi, ndipo kholo la matanthauzo onsewo ndi ngolo.

Kalekale, dziko limene lero ndi France linkatchedwa Gaul, ndipo eni ake anali akatswiri okhoma ngolo. Ngolo yonyamula katundu ankaitcha "karros". Julius Caesar, mtsogoleri wa asilikali a ku Rome amene anagonjetsa dzikolo, analemba za mtundu wa Helvetii, wa m'dera limene lero ndi Switzerland. Anthuwa ankafuna kusamuka mtundu wonse m'chaka cha 58 Khristu asanabadwe, ndipo pokonzekera ulendowo anagula ngolo ndi ziweto zokoka zambiri mmene akanathera. Aroma anatengera ngolozo pamodzi ndi dzina lake, n'kumati "carrus". M'zaka zakutsogolo, m'Chilatini, chilankhulo cha Aromawo, munabadwa mneni wa "carricare", kutanthauza kupakira katundu m'ngolo. Chilatini cha ku Gaul chitasanduka Chifalansa, "carricare" anakhala "chargier", tanthauzo lake lomwelo, kupakira kapena kusenzetsa.

Ku England liwuli linawoloka ndi nkhondo. Mu 1066, William wa ku Normandy, kumpoto kwa France, anagonjetsa mfumu ya England pankhondo ya ku Hastings. Kuyambira pamenepo, kwa zaka pafupifupi 300, Chifalansa ndicho chinali chilankhulo cha kunyumba yachifumu, cha m'mabwalo a milandu ndi cha anthu a maudindo, pamene anthu wamba ankapitiriza kulankhula Chingerezi chawo. Lamulo lakuti milandu izikambidwa m'Chingerezi linabwera mu 1362, koma mawu ambiri a Chifalansa anali atakhazikika kale. N'chifukwa chake "court", "judge", "jury", "prison" ndi "charge" onse ndi ochokera ku Chifalansa. Pofika m'zaka za m'ma 1200, "charge" anali atalowa kale m'Chingerezi, akutanthauza katundu wolemera kapena kusenzetsa katunduyo.

Pali kanthu kena kamene ndimakonda kuuza ophunzira anga. Chifalansa chinali chosiyanasiyana malinga ndi dera. Anthu a kumpoto, monga a ku Normandy, anasunga katchulidwe ka "ka", pamene a cha ku Paris anakasintha kukhala "cha". Chingerezi chinatola zonse ziwiri. Kuchokera kumpoto kunabwera "carry" ndi "car", kuchokera cha ku Paris kunabwera "charge" ndi "chariot". N'chimodzimodzi "catch" ndi "chase", poyamba linali liwu limodzi. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1600, amalinyero anatenga "cargo" ku Chisipanishi, kholo lake lomwelo la "carricare". Ndiye kuti kaliyala imene wakabaza amamangapo thumba la chimanga, ndi tchaja imene mumasomeka pakhoma, ndi zapachibale, gogo wake ndi ngolo ya ku Gaul ija. Koma musatengeke n'kufanana kwa zilembo kokha. "Charity" anachokera ku "caritas", chikondi, ndipo "charm" ku "carmen", nyimbo. Amenewa alibe ubale ndi ngolo.

Mukagwira mfundo ya katundu, funso lodzifunsa paliponse pamene mwakumana ndi "charge" ndi limodzi: kodi apa akusenzetsa chiyani, ndipo akusenzetsa ndani?

Tiyambe ndi tanthauzo la m'kalata yanu. Ife timati wasenza udindo, ndipo munthu akasiya ntchito timati watula pansi udindo, ngati kuti udindowo unali pamutu. Angerezi anaganizanso chimodzimodzi. Munthu amene ali "in charge" ndi amene wasenza ntchito yoyang'anira. Anesi aakulu m'wodi, kapena mkulu wa polisi ya pamalo, amatchedwa "in-charge" chifukwa zinthu zikalakwika pamalopo wofunsidwa ndi iwowo. Kazembe akachoka pa ofesi yake, amene amatsala akugwirizira ntchito amatchedwa "chargé d'affaires", mawu a Chifalansa otanthauza wosenzetsedwa nkhani za ofesiyo. Tanthauzo limeneli ndi lakale ndithu. M'Baibulo la Chingerezi la King James, la mu 1611, Salimo 91 ndime 11 imati "he shall give his angels charge over thee", kunena kuti Mulungu adzapatsa angelo ake ntchito yokusunga. Mawu olamula mwamphamvu amene wamkulu amauza omutsatira nawonso ndi "charge". Mu mpingo wa Anglican, uthenga umene bishopu amapereka potsegulira sinodi umatchedwa "the bishop's charge".

Tanthauzo la ndalama silivuta. Kulipira ndi katundu wapathumba. Poyamba "charge" ankanena za zowonongera zimene munthu wasenza, kenako linayamba kunena za mtengo umene wogulitsa akufuna. Ifenso tinalitola, paja timati telala watchaja zingati, kapena amakanika aja amatchaja modula. "Bank charges" ndi ndalama zimene banki imadula pa ntchito imene yakugwirirani, "surcharge" ndi yowonjezera pamwamba pa mtengo, "overcharge" ndi kudulitsa mopitirira, ndipo "free of charge" ndi zaulere.

Tanthauzo limene linakusowetsani tulo ndi lachitatu. Munthu akamaimbidwa mlandu, amakhala kuti amusenzetsa nkhani yoti ayankhe. Angerezi anayamba kugwiritsa ntchito "charge" motero cha m'ma 1300, ndipo mpaka lero pepala limene amalembapo mlandu wa munthu, lomwe amawerenga m'khoti woimbidwa mlandu ataimirira m'kabokosi, limatchedwa "charge sheet". Ndibwereranso kunkhaniyi chifukwa ndi pamene anthu amapwetekera.

Za foni ndiye zili ndi ulendo wautali, ndipo ulendowo unadzera kumfuti. Amene anaonapo mfuti ya gogodera akudziwa mmene amaithirira wonga kukamwa kwake, n'kuikamo chipolopolo, n'kutsindira ndi kachitsulo. M'zaka za m'ma 1500, Angerezi ankati kuchita zimenezi ndi "to charge a gun", kupakira mfuti katundu wake, ndipo kuwomba kunali "to discharge", kutsitsa katunduyo. Patapita zaka 200, mu 1745 ndi 1746, akatswiri ena ku Germany ndi mumzinda wa Leiden ku Netherlands anapeza kuti botolo lagalasi lingathe kusunga mphamvu ya magetsi, ndipo munthu akaligwira molakwika linkamutchaya shoko yoopsa. Benjamin Franklin, katswiri wa ku America, ali mumzinda wa Philadelphia, anayesa kwambiri mabotolo amenewa, ndipo kuyambira mu 1747 ankalembera mnzake Peter Collinson ku London zimene akupeza. Nthawiyo kunalibe mawu ofotokozera magetsi, choncho anabwereka a asilikali. Botolo lodzaza mphamvu linali "charged", likatulutsa mphamvuyo ndi kuthetheka linali "discharged". Atalumikiza mabotolo angapo pamodzi anawatcha "battery", liwu limene linkatanthauza mizinga yondandalikidwa kuti iwombe pamodzi. Ndi iyenso amene anabweretsa "positive" ndi "negative", zizindikiro zija mumaziona kumapeto kwa batire la tochi.

Batire lotha kutchajidwa mobwerezabwereza, la mtovu ndi asidi, kholo la mabatire a galimoto, linapangidwa ndi Gaston Planté wa ku France mu 1859. La lithium limene lili m'mafoni athu linayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Sony mu 1991. Ndiye mukaona kabenchi ka mnyamata wotchajitsa pamsika, sola ili padenga, mafoni khumi ndi awiri ali ndandanda aliyense ndi kapepala ka dzina la mwini wake, liwu limene aliyense akunena pamenepo ndi lomwe lija la kupakira ngolo. Ngati mumaphunziranso sayansi kusukulu yamadzuloko, chenjerani kuti liwuli lisakusokeretseni. Batire silidzaza magetsi ngati mmene ndowa imadzazira madzi. Tchaja imakankha tizinthu ta lithium kuchoka mbali imodzi ya batire kupita mbali ina, ndipo foni ikamagwira ntchito timabwerera. Chimene chasungidwa ndi mphamvu, yosungidwa m'makemikolo.

Pali tanthauzo linanso la kunkhondo, kuthamangira mdani ndi mphamvu zonse, ngati kumugwetsera kulemera kwako konse. Linayamba m'zaka za m'ma 1500. Nkhani yodziwika ndi ya pa 25 October 1854 ku Balaclava, pankhondo ya ku Crimea, pamene asilikali a pa akavalo a Britain anathamangira mizinga ya Russia chifukwa cha lamulo losamveka bwino, ndipo ambiri anafera pomwepo. Njovu kapena njati ikakuthamangira, Mngerezi amati "it charged". Kavalo wankhondo ankatchedwa "charger". Mbale yaikulu yonyamulira chakudya nayonso inali "charger", moti m'Baibulo la King James lija, pa Mateyu 14, mutu wa Yohane Mbatizi anaupempha "in a charger". Mwana wa lero akawerenga ndimeyo osauzidwa, angaganize za foni.

Tsopano kumayeso ndi m'makalata, mudziwa bwanji tanthauzo loyenera? Yang'anani kamperekezi kamene kali pambuyo pake, ndiponso dzina limene latsatira kamperekeziko. "Charge for" ndi za ndalama: "they charge for parking". "Charge at" ndi kuthamangira: "the bull charged at the boy". "Charge to" ndi kulemba mtengo pa akaunti ya wina: "charge it to the school". Chovuta ndi "charge with", chifukwa chimagwira mbali ziwiri. Chotsatira chikakhala cholakwa, monga "charged with theft", ndi mlandu. Chikakhala ntchito yabwinobwino, monga "charged with supervising", ndi udindo. Kuyang'anira kamangidwe si mlandu m'malamulo a dziko lililonse, choncho kalata yanu sikanakhala ya kupolisi. Mukadzakumana nazonso, phimbani "charged with" ndi chala, muwerenge chotsatiracho, mudzifunse ngati munthu angamangidwe nacho.

Msampha wina, umene olemba mayeso amaukonda kwambiri, ndi kaliwu ka "the". "The nurse is in charge of the children" ndiye kuti nesi ndi amene akuyang'anira ana. "The children are in the charge of the nurse" ndiye kuti anawo ali m'manja mwa nesi. Mukachotsa "the" m'chiganizo chachiwirichi, n'kulemba "the children are in charge of the nurse", mwanena kuti ana ndiwo akulamulira nesi. Ndaona malikisi ambiri akutayika pa kaliwu kameneka.

Pa kaphunziridwe, ine sindigwirizana ndi njira yolemba liwu la Chingerezi kumanzere, la Chichewa kumanja, n'kumaloweza. Njira imeneyi ndiyo imachititsa munthu kuganiza kuti "charge" ndi mlandu basi. Khalani ndi kakope kakang'ono, ndipo mukakumana ndi liwu lotere lembani chiganizo chonse mmene mwachipezera, ndi kumene mwachipeza: panyuzipepala, pa risiti, pa uthenga wa pafoni. Pakatha mwezi mudzakhala ndi ziganizo zingapo za liwu limodzi, ndipo mudzayamba kuona nokha mmene zikugwirizanirana. Mukatsegula dikishonale musaime pa tanthauzo loyamba. Onani kaye ngati liwulo m'chiganizo chanu ndi dzina kapena mneni, kenako tsikani mpaka mupeze chitsanzo chofanana ndi chanu. Dikishonale ya ophunzira, yokhala ndi ziganizo zachitsanzo, ndi yothandiza kuposa yaing'ono ya m'thumba imene imangopereka tanthauzo limodzi. Mawu ena oti muwachite chimodzimodzi ndi "bill", "post", "order", "issue" ndi "draw", chifukwa onsewa amapezeka m'makalata a komiti.

Komabe pali malo atatu pamene sindifuna kuti mudalire kuganiza kwanu, ngakhale mutadziwa mbiri yonseyi: kukhoti, kuchipatala ndi pangongole.

Kukhoti, "charged" si "convicted". Woyambayo wangoimbidwa mlandu, ndipo malamulo amamuona ngati wosalakwa mpaka khoti litagamula. Wachiwiriyo khoti lamupeza wolakwa. Ndimamva chisoni ndikaona banja likusalidwa m'mudzi, ana akunyozedwa kusukulu, chifukwa wina wamva "charged" pawailesi n'kufalitsa kuti munthuyo ndi mbava yotsimikizika. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi, pa gawo 42, amanena kuti munthu womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48 kuti akauzidwe mlandu wake kapena chifukwa chomusungirabe, ndipo maolawo akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, apite tsiku loyamba limene khoti latsegula. Ali ndinso ufulu wouzidwa zonse m'chilankhulo chimene amamva. Chinanso, "discharged" si "acquitted". "Acquitted" ndiye kuti khoti lamupeza wosalakwa. "Discharged" ndiye kuti wamasulidwa, koma nthawi zina mlanduwo ungathe kudzadzutsidwanso. M'bale wanu akapatsidwa pepala lokhala ndi mawu amenewa, pitani nalo kwa loya, ndipo ngati ndalama palibe, ku Legal Aid Bureau kapena kwa maparaligo, alangizi a zamalamulo amene amayendera mapolisi, makhoti ndi ndende. Asasaine chikalata chimene sanachimvetse.

Kuchipatala, "discharge" ili ndi matanthauzo awiri. Lina ndi kutulutsidwa m'chipatala, lina ndi zamadzimadzi kapena mafinya zotuluka m'thupi, kukhutu, pabala kapena kumalo obisika. Mukaona liwuli m'buku lanu la kuchipatala ndipo simukumvetsa, funsani adokotala kapena anesi musanachoke pamalopo. Musachite manyazi, ndi thupi lanu.

Pangongole ndi pamene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti pali tanthauzo lina. Pa mapepala a ngongole, "charges" angakhale ndalama zowonjezera zimene mudzalipire pamwamba pa chiwongoladzanja, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti zonse pamodzi zikwana zingati. Koma mukaona "a charge over the property" kapena "charge on the land", zimenezo si ndalama zolipira ayi. Ndi chikole. Malowo asenzetsedwa ngongole. Lamulo la malo olembetsedwa kuno ku Malawi, Registered Land Act, limagwiritsa ntchito liwu lomweli: mwini malo amene wawapereka chikole ndi "chargor", wokongoza ndi "chargee". Ngongole ikalephera kubwezedwa, wokongozayo angathe kugulitsa malowo potsatira ndondomeko ya malamulo, ngakhale amene anadya ndalamazo atakhala mlamu wanu amene munangomuthandiza ndi chikalata cha nyumba. Ndamasulirapo anthu mapepala otere atasaina kale, akuganiza kuti "charge" ija inali kandalama kochepa ka kubanki. Pepala lililonse lotchula malo kapena nyumba yanu, pemphani kope, mupite nalo kunyumba, muonetse loya kapena munthu wodziwa malamulo amene sali mbali ya wokongozayo, ndipo banja lonse lidziwe musanaike siginecha.

Ngongoleyo mukamaliza kubweza, musangolandira chikalata chanu cha malo n'kubwerera kunyumba. Pemphani wokongozayo akupatseni pepala lotchedwa "discharge of charge", ndipo likalembetsedwe ku ofesi ya zamalo kumene chikolecho chinalembetsedwa. Mukapanda kutero, m'kaundula malowo amaonekabe kuti ali pachikole, ndipo tsiku lodzagulitsa, lodzakongolanso kapena losinthira ana umwini, ntchito yonse idzaima mpaka pepalalo litapezeka.